Shire adali msewu asanakhale malire

Ukaima pa mlatho wa Bakili Muluzi m'mamawa n'kuyang'ana pansi, sudziwa msanga kumene madzi akulowera. Shire kuno ku Mangochi amayenda ngati sakuyenda. Umachita kudikira kachitsotso ka namasupuni, kapena bwato la msodzi amene waleka kupalasa, ndiye uone kuti zonse zikutsetserekera kummwera. Tsidya lino ndi kwathu, tsidya ilo ndi kwathunso. Wakabaza amawoloka kangapo dzuwa lisanafike paliwombo, amayi a ku Malindi amabwera kudzagula zinthu pamsika wa pa boma, ndipo palibe amene amafunsidwa chiphaso. Munthu akatchula malire, ife maganizo amathamangira ku Chiponde, kumene msewu wa ku Namwera umakalowera ku Mandimba, pamtunda pouma.

Komatu madzi omwewa akatsika n'kupitirira Chiromo amasanduka mzere wolekanitsa mayiko awiri. Kuyambira pamene Ruo amathira mu Shire mpaka cha ku Marka m'boma la Nsanje, gombe la kumadzulo ndi Malawi, la kum'mawa ndi Mozambique. Mmene zidakhalira choncho si nkhani ya anthu a kumunsi okha. Ina mwa mizu yake ili pano pomwe, pagombe la kwa Mponda, ndipo ine ndimaona kuti munthu sangamvetse malire amenewa ngati sayamba wadziwa kuti mtsinjewu udali msewu, msewu umene anthu adaferapo poulimbirana.

Tiyambe ndi madziwo. Nyanja ya Malawi imamwa kuchokera ku mitsinje yambiri: Songwe, Rukuru wa kumpoto ndi wa kummwera, Dwangwa, Bua, Linthipe, komanso Ruhuhu wa ku Tanzania amene amathira madzi ochuluka kuposa inzake yonse. Khomo lotulukira ndi limodzi lokha, ndiye Shire, makilomita ochepa kumpoto kwa tawuni yathu. Koma musaganize kuti Shire ndiye amatenga madzi ambiri a m'nyanjayi. Pafupifupi magawo anayi mwa asanu a madzi amene nyanja imataya pachaka amauluka ndi dzuwa ndi mphepo. Mtsinje umangolandira a pamwamba, monga mmene ndowa yodzaza imatayikira pakamwa. Nyanja ikatsika pang'ono, pakamwapo pamauma. Mfundo imeneyi muisunge, tiipezanso kutsogoloku.

Kuchokera pamene amatuluka m'nyanja kukafika pamene amathira mu Zambezi, Shire ndi wotalika makilomita pafupifupi 400, ndipo paulendowu amasintha khalidwe katatu. Chigawo cha kumtunda ndi chathuchi. Madzi amadutsa pa boma, amamwazika m'nyanja yosazama ya Malombe, amasonkhananso n'kudutsa m'nkhalango ya nyama ya Liwonde pakati pa mvuu ndi ng'ona, kenako Liwonde, kenako Matope. Nyanja ya Malawi ili pamtunda wa mamita pafupifupi 474 kuchokera pa nyanja ya mchere, ndipo kuchoka kuno kukafika ku Liwonde mtsinje umatsika mamita ochepa chabe. N'chifukwa chake chitseko cha baraji, damu lowongolera madzi a mtsinje, chikatsekedwa ku Liwonde chimamveka mpaka pagombe la nyanja ku Nkope.

Kupitirira Matope mtsinje wofatsa uja umalusa. Pa mtunda wa makilomita pafupifupi 80 umagwa mamita oyandikira 400, ukudumpha mathithi a Kholombidzo, Nkula, Tedzani, Mpatamanga ndi Kapichira. Pamenepa palibe bwato kapena sitima imene idadutsapo. Ngakhale nsomba za kumunsi sizikwera: chambo chathu n'cha kumtunda kuno, pamene makakana amene anthu amadya ku Chikwawa ndi ku Nsanje ndi a mtundu wa ku Zambezi.

Ukatha Kapichira umafika m'chigwa chotentha. Mtsinje umafatsanso, umadutsa Chikwawa ndi minda ya nzimbe ya ku Nchalo, umasochera m'dambo lalikulu la Elephant Marsh pakati pa bango ndi gumbwa, n'kutulukira pa Chiromo pamene umakumana ndi Ruo wochokera m'phiri la Mulanje. Pamene Shire amatsanzikira dziko lino ndi malo otsika kwambiri m'Malawi muno, mamita 37 okha pamwamba pa nyanja ya mchere. Kutsogoloko a ku Mozambique amamutcha Chire, ndipo amadutsa m'tsinde mwa phiri la Morrumbala asanalowe mu Zambezi.

Mukaiona bwino mapangidwe amenewa mupeza kuti pali misewu iwiri ya pamadzi, wina kumtunda wina kumunsi, ndipo pakati pake pali mpata wa miyala wofunika kuyenda pansi. Mbiri yonse ya mtsinjewu yazungulira pamenepo.

Msewu wa mchere, minyanga ndi akapolo

Azungu asanabwere, Amang'anja a m'chigwa ankatsika ndi mabwato kukagulitsa makasu, mchere ndi nsalu za thonje zoomba okha mpaka ku Zambezi. Ufumu wa Lundu udakula pamtsinje womwewu, ndipo kachisi wa Mbona ku Khulubvi ankalandira nsembe kuchokera kwa anthu a tsidya zonse ziwiri. Panthawiyo palibe amene akadaganiza kuti pakati pa madzi pangadutse malire. Mtsinje ndiwo udali pakati pa mudzi.

Kuno kumtunda zinthu zidasintha chapakati pa zaka za m'ma 1800, pamene Ayao adafika kuchokera kum'mawa kwa nyanja. Mfumu Mponda idakhazikika pamalo pamene aliyense wochokera kumadzulo wopita kugombe la nyanja ya mchere amayenera kuwoloka, pokhapokha akadutse nyanja ndi chombo. Wogwira doko limeneli adagwira malonda. Nsalu, mikanda, mfuti ndi onga zinkalowa, minyanga ya njovu ndi anthu zinkatuluka. Si mbiri yokoma kuikamba, makamaka kwa ife amene tili ndi magazi a ogulitsa ndi a ogulitsidwa omwe, koma idachitika pagombe lomwe timachapirapo lero, ndipo kuibisa n'kunyoza amene adawolotsedwa ali m'magoli osabwereranso.

David Livingstone adalowa mu Shire kuchokera ku Zambezi mu Januwale 1859 pa kasitima kotchedwa Ma Robert. Adali atalephera kukwera Zambezi chifukwa cha mathithi a Cahora Bassa, ndiye ankafunafuna njira ina yolowera m'kati mwa Africa. Kapichira adamuimitsa, iye n'kutcha mathithi onsewo dzina la Murchison. Mu Sepitembala chaka chomwecho adafika pansi kunyanja, kufupi ndi pamene Shire amatulukira. Zimene adalemba kwawo zidakopa amishoni. Oyamba adavutika kwambiri: Bishopu Charles Mackenzie adamwalira ndi malungo mu Januwale 1862 pafupi ndi pamene Ruo amakumana ndi Shire, malo omwe patapita zaka pafupifupi 30 adadzakhala ngodya ya malire.

Livingstone adasiyanso china chimene sadachiganizire. Ena mwa Amakololo amene adabwera naye kuchokera kumtunda kwa Zambezi adatsala m'chigwa, ali ndi mfuti, panthawi imene njala ndi nkhondo za akapolo zidali zitasokoneza Amang'anja. Adasanduka mafumu. Maina a Kasisi, Chipatula, Mlauli, Maseya ndi Katunga adachokera kumeneko. Iwowa adagwira mtsinje wa kumunsi monga Mponda adagwirira wa kumtunda, ndipo sadafune kumva za Apwitikizi.

Mu 1875 amishoni a ku Scotland adabweretsa sitima ya Ilala. Adaikwezera mu Shire mpaka m'tsinde mwa mathithi, adaimasula, amtengatenga mazanamazana n'kuisenza zidutswazidutswa mpaka kumtunda kwa mathithi, kumene adailumikizanso. Mu Okutobala chaka chimenecho idadutsa pano, a mishoniwo atapempha malo kwa Mponda, n'kulowa m'nyanja kulunjika ku Cape Maclear. Posakhalitsa kampani ya African Lakes, imene tonse timaidziwa kuti Mandala, idakhazikitsa ulendo wokhazikika: sitima kuchokera ku Zambezi mpaka kwa Katunga, pamutu pa amtengatenga kudzera ku Blantyre mpaka ku Matope, kenako sitima ina kudutsa Malombe ndi kuno mpaka kumpoto. Blantyre adakula chifukwa adali pakati pa madoko awiriwa. Sitima ya Chauncy Maples, imene ambiri aife taionapo ku Monkey Bay, idabwera m'njira yomweyi m'zidutswa zoposa 3,000 ndipo adailumikiza kwa Mponda, n'kuiponya m'madzi mu 1901. Ndikaganiza za mapewa a anthu amene adakoka zitsulo zimenezo kukwera mapiri a pakati pa Chikwawa ndi Matope, ndimaona kuti mbiri yolembedwa idawamana ulemu wawo.

Mkangano umene udabala mzere

Vuto la msewu umenewu lidali loti khomo lake lidali m'manja mwa Apwitikizi. Iwo adakhala ku Quelimane, ku Sena ndi ku Tete kwa zaka mazana, ndipo katundu yense wa amishoni ndi wa Mandala ankadutsa pa kasitomu yawo. Ankalotanso zolumikiza Angola ndi Mozambique kuti likhale dziko limodzi kuchokera kunyanja ya kumadzulo mpaka ya kum'mawa, ndipo mapiri a Shire adali m'kati mwa lotolo. A ku Scotland sadafune m'pang'ono pomwe kulamulidwa ndi Apwitikizi, ndipo adavutitsa boma lawo ku London kuti lichitepo kanthu.

Chaka cha 1889 ndicho chidaphulitsa chithupsa. Choyamba, Daniel Rankin wa ku Britain adaonetsa kuti sitima za panyanja ya mchere zikhoza kulowa mu Zambezi kudzera pa Chinde, amodzi mwa malo amene mtsinjewo umathirira m'nyanjayo, osatsitsa katundu ku Quelimane. Chachiwiri, msilikali wa Chipwitikizi Serpa Pinto adakwera Shire ndi gulu lalikulu la anthu a mfuti. Harry Johnston, nthumwi ya boma la Britain, adakumana naye n'kumuchenjeza kuti asawoloke Ruo, ndipo John Buchanan, amene ankaimira Britain ku Blantyre, adalengeza kuti dziko la Amakololo lili pansi pa chitetezo cha Angerezi. Mu Novembala anthu a Mlauli adamenyana ndi gulu la Serpa Pinto, ambiri mwa iwo n'kuphedwa ndi mfuti zamphamvu za Apwitikizi, amene kenako adawoloka Ruo n'kukwera mpaka kwa Katunga. Pa 11 Januwale 1890 nduna yaikulu ya Britain, Lord Salisbury, idalamula Portugal kuti ichotse asilikali ake msanga, apo ayi ubale utha. Portugal idagonja, ndipo manyazi ake adagwetsa boma ku Lisbon.

Pangano lomaliza adasainirana pa 11 Juni 1891. Lidanena kuti malire atsate pakati pa khwawa la Ruo mpaka pamene amathira mu Shire, kenako atsate pakati pa khwawa la Shire mpaka kumunsi pang'ono kwa Chiwanga, pamenepo akhotere kumadzulo kukafika pamsana wa mapiri amene amagawa madzi opita ku Shire ndi opita ku Zambezi, n'kutsata msanawo kubwerera kumpoto. Mukayang'ana mapu muona kuti Nsanje ali ngati lilime lopyapyala lolowa m'kati mwa Mozambique, mapiri uku mtsinje uku. Lilime limenelo ndi mawu a panganoli. Angerezi ankafuna kugwira gombe limodzi la msewu wawo kutsika nalo mpaka pamene akadatha.

Pangano lomwelo ndi limene lidadula malire athu a kuno. Lidati mzere utsate gombe la kum'mawa kwa nyanja mpaka pa madigiri 13 ndi theka, chakumpoto kwa Makanjira, kenako ulowe pamtunda kulunjika kunyanja ya Chiuta ndi ya Chilwa. Ndiye mlimi wa kwa Makanjira amene zaka zapitazi wakhala akuvutika ndi nkhani ya zipilala za malire m'munda mwake, ndi msodzi wa ku Nsanje amene amaponya ukonde pakati pa mayiko awiri, onsewa akulimbana ndi pepala limodzi. Polemba pepalalo padalibe Mponda, padalibe Makanjira, padalibe Mlauli amene anthu ake adafera pamtsinjewo, padalibenso Lundu.

Mbali ina ya panganoli imaiwalika, koma kwa Angerezi ndiyo idali yamtengo wapatali: lidati sitima za mayiko onse ziziyenda momasuka mu Zambezi ndi mu Shire, ndipo Britain idapatsidwa kamalo ka lendi ku Chinde kotsitsirapo katundu popanda msonkho wa Apwitikizi. Malire adawavomera kuti msewu ukhale wotseguka.

Khomo la kumunsi litakhazikika, Johnston adatembenukira ku khomo la kumtunda. Chakumapeto kwa 1891 adaombera mudzi wa Mponda ndi mizinga, n'kumanga linga kutsidya kwa mtsinje moyang'anizana nawo, kulitcha Fort Johnston. Nkhondo zolimbana ndi mafumu a Chiyao Makanjira ndi Jalasi zidatenga zaka zingapo mpaka 1895, ndipo Captain Maguire, mkulu wa asilikali a Johnston, adaphedwa kwa Makanjira mu Disembala 1891. Pambuyo pake boma lidasamukira tsidya lino, pamene tili lero. Nsanja ya wotchi ya Mfumukazi Victoria ya mu 1903 ili pafupi ndi mlatho chifukwa mtsinje ndiwo udali khomo la tawuni, ndipo mzinga uli pambali pake udachokera pa sitima ya nkhondo ya Guendolen, imene idawononga sitima ya Ajeremani ya Hermann von Wissmann mu Ogasiti 1914. Mangochi adabadwa ngati doko ndi malo a alonda a mtsinje.

Pamene Shire adaleka kuyenda

Msewu umene adaulimbirana choncho sudakhalitse. Nyanja idayamba kutsika, ndipo sitima zidayamba kutitimira mumchenga kumtunda ndi kumunsi komwe. Doko la kumunsi lidasuntha kuchoka kwa Katunga kupita ku Chiromo, kenako ku Port Herald, amene ndi Nsanje wa lero. Cha m'ma 1915 ndowa ija idaleka kutayikira. Madzi a m'nyanja sadathenso kudutsa, timitsinje ta m'mbali tidaunjika mchenga m'khwawa, bango lidamera, ndipo kwa zaka pafupifupi 20 Shire sadatulutse madzi a m'nyanja. Mbali yaikulu ya Malombe idauma, anthu n'kumalima momwe lero asodzi akuponyamo nkacha. Kumunsi m'chigwa madambo adasanduka minda ya chimanga ndi thonje. Nyanja itadzazanso, cha m'ma 1935 madzi adaboola mchenga uja n'kubwerera m'njira yawo, minda yambiri ya m'chigwa n'kumira. Akuluakulu adati madzi saiwala khwawa, ndipo apa zidachitika monga mawuwo akunenera.

Pofika nthawiyo njanji idali italanda kale ntchito. Ya kuchokera ku Port Herald kupita ku Blantyre idatsegulidwa mu 1908, ndipo mlatho wa Dona Ana pa Zambezi utatha mu 1935 sitima ya pamtunda inkachoka ku Beira mpaka ku Salima osadalira mtsinje. Chinde adaphwasulidwa ndi namondwe mu 1922. Msewu udafa, malire adatsala.

Kuyambira pamenepo Shire adasanduka chinthu chowoloka, osati chotsata. Ife a ku Mangochi tili ndi chikumbutso chake. Mu Febuluwale 1965 anthu a Henry Masauko Chipembere atathira nkhondo pa Fort Johnston adanyamuka usiku kulunjika ku Zomba, koma atafika ku Liwonde adapeza pantoni ili tsidya linalo. Ulendo wawo udathera pagombe pamenepo.

Chaka chomwecho cha 1965 ndi chimene baraji ya Kamuzu idamangidwa ku Liwonde, ndipo chaka chotsatira makina oyamba opukusa magetsi adayamba ntchito pa Nkula. Mathithi aja amene adalepheretsa Livingstone ndi kuthyola misana ya amtengatenga adasanduka chuma cha dziko. Pambuyo pake padabwera Tedzani, Nkula wachiwiri ndi Kapichira, ndipo mpaka lero magetsi ochuluka a dziko lino amachokera pa kachigawo kameneka ka mtsinje umodzi. Madzi ambiri amene anthu amamwa mu Blantyre amapopedwa pa Walker's Ferry. Nzimbe za ku Nchalo zimamwa Shire, ndipo ngalande yaikulu yothirira imene ikukumbidwa m'chigwa ikutenga madzi pa Kapichira.

Ntchito ya baraji ndi kusunga madzi m'nyanja nthawi ya dzinja kuti makina asasowe madzi m'chilimwe. Imathandiza, koma mphamvu yake ili ndi polekezera. Singalenge madzi mvula ikakana kumpoto ndi ku Tanzania, ndipo tonse tikukumbukira kuzimazima kwa magetsi kwa mu 2016 ndi 2017, nyanja itatsika, zigayo zili zii, ogulitsa nsomba akusowa ayezi. Singaletsenso matope. Mapiri a Neno, Mwanza, Balaka ndi Blantyre ametedwa ndi makala, ndipo dothi lawo limatsika ndi mitsinje ngati Lisungwi ndi Rivirivi kukadzaza madamu a magetsi. Namasupuni amene timamuona akuyandama pansi pa mlatho wathu amakatseka makina kumunsi, n'chifukwa chake ku Liwonde adaika chotchingira zinyalala za m'madzi. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana adagumula damu la Kapichira, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka.

Kenako mu 2024 tidaona mbali inayo. Nyanja idakwera kupitirira mamita 476, kuyandikira pamene idafika mu 1980. Nyumba, malo ogona alendo ndi madoko a asodzi m'mbali mwa nyanja ndi mwa Shire kuno zidalowa m'madzi. Anthu ambiri kuno ankati zitseko za ku Liwonde zitsegulidwe zonse madzi apite. Ndimawamvetsa, chifukwa palibe chowawa ngati kuona khoma limene udamanga ndi thukuta likusungunuka. Koma madzi akapita amapita kwa wina. Amakakumana ndi makina a magetsi amene ali ndi mlingo wa madzi umene angapirire, kenako amakafika kwa anthu a ku Chikwawa ndi Nsanje amene chaka chimodzi m'mbuyomo, mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy adawasiya padzuwa. Ndiponso nyanjayi ndi yaikulu moti ngakhale zitseko zitakhala pululu, kuti itsike ndi chikhatho chimodzi pamafunika masabata. Ine ndikuona kuti ambiri aife tidamanga pamalo amene nyanja idangotibwereka m'zaka za chilala, ndipo funso limeneli ndi limene tiyenera kumakambirana ndi mafumu athu ndi a khonsolo pamene malo a m'gombe akugawidwa.

Malire oyenda

Pangano la 1891 lidati pakati pa khwawa, ngati kuti khwawa ndi chinthu chokhomedwa ndi misomali. M'chigwa mtsinje umadya gombe lina n'kulavulira lina, umabala zilumba, umasiya njira yakale n'kutsegula yatsopano. Mu 1997 madzi adakokolola njanji ndi msewu pakati pa Bangula ndi Chiromo, ndipo kuyambira pamenepo anthu a tsidya la kum'mawa, kwa Mlolo, amadalira mabwato kuti afike ku Bangula. Mu Januwale 2015 Ruo adasiya khwawa lake n'kuboola njira yatsopano kudutsa m'midzi, Makhanga n'kutsala ngati chilumba. Maboma awiri akhoza kugwirizana papepala za pamene mzere uli, koma mlimi amene dimba lake dzulo lidali tsidya lino lero lili tsidya ilo amafuna kudziwa ngati akakolole mbatata zake popanda kugwidwa.

Chimene chimapeputsa zinthu ndi chakuti anthu a tsidya zonse ndi amodzi. Asena ambiri a ku Nsanje makolo awo adachokera ku Zambezi, ena pothawa ntchito yokakamiza ya Apwitikizi, ena pothawa chilango cha pambuyo pa nkhondo youkira Apwitikizi ya mfumu Makombe ya mu 1917. Chilankhulo n'chimodzi, maukwati ndi maliro amawoloka. Nkhondo ya Frelimo ndi Renamo itakula m'zaka za m'ma 1980, Malawi adalandira othawa kwawo pafupifupi miliyoni imodzi, ndipo ku Nsanje alendo adachuluka kuposa eni mudzi. Nafenso kuno tidalandira ena olowera mbali ya Namwera ndi Makanjira. Kumapeto kwa 2024, zipolowe za pambuyo pa chisankho zitabuka ku Mozambique, anthu zikwizikwi adawolokanso Shire ndi Ruo, ena m'mabwato ena pansi m'malo osaya, mumtsinje wodzaza ng'ona. Madzi akasefukira kumunsi sasankha mbendera, ndipo m'misasa ya ku Bangula mumapezeka anthu a mayiko onse awiri.

Loto lotsegulanso msewu wakale silidafe. Pulezidenti Bingu wa Mutharika adalitenga ndi mtima wonse, n'kumangitsa doko ku Nsanje loti katundu azichokera kunyanja ya mchere pamadzi, mtengo wa mafuta ndi feteleza utsike. Dokolo adalitsegulira mu Okutobala 2010 pamaso pa Robert Mugabe ndi Rupiah Banda. Koma chombo chonyamula feteleza chimene chimayenera kufika tsikulo chidagwidwa ku Mozambique. Boma la kumeneko lidati silidapereke chilolezo ndipo pafunika kaye kafukufuku wa mmene kukumba khwawa kungakhudzire mtsinje ndi zachilengedwe. Ena amati Mozambique imateteza madoko ake a Beira ndi Nacala, amene amapindula ndi katundu wathu. Zonse ziwiri zikhoza kukhala zoona. Chimene ine ndikuchiona n'chakuti mawu a 1891 onena za kuyenda momasuka adali ndi mphamvu chifukwa kumbuyo kwawo kudali sitima za nkhondo za Britain. Ife tilibe zimenezo, ndipo sitikuzifuna. Chimene tili nacho ndi kukhala pansi ndi mnansi wathu, podziwa kuti mbali yaikulu ya njirayo ili m'dziko lake, ndiponso kuti mchenga umene udatitimiza sitima za Mandala ukadali m'khwawamo.

Doko la simenti lija lilipobe ku Nsanje, lopanda chombo. Chapafupi pake m'mamawa uliwonse mabwato a mtengo umodzi amanyamuka kulunjika tsidya, ena amachokera tsidya kubwera kuno. Amanyamula matumba a chimanga, nsomba zouma, njinga yomangidwa chopingasa, mayi wodwala amene chipatala chapafupi kwa iye chili m'dziko lina. Wopalasa amaima kumbuyo ndi mtengo wake wokankhira bwato, maso ali pamadzi kuyang'ana mvuu, ndipo pena pake pakati pa mtsinjewo bwato limachoka m'dziko lina kulowa m'linzake.